Chinangwa chozondoka cha ku Majaua

Amene mukulemba kuti msasa wa ana a sukulu kumunda wa ku Majaua anayambitsa ndi adiretori, mkulu wa sukulu, chonde khalani chete. Anayambitsa ndi amalume anga, ndipo lero patha chaka chimwalirireni.

Malume, mukukumbukira ana a m'tauni ya Milange atabzala mitengo ya chinangwa mozondoka, maso a mitengoyo kuyang'ana pansi? Ndinali nditangosiya yunivesite, anthu akunditcha wolephera, ndiye ndinawakalipira anawo ndi mkwiyo wanga wonse. Inu munaseka mpaka kukhala pamzere, n'kunena kuti, “Iwe, ana sadya ukali. Aonetse bwinobwino, pulofesolo!” Munanditcha pulofesolo, mphunzitsi, pamaso pawo! Tinazula mzere wonse n'kubzalanso tikuimba, matope mpaka m'mawondo. Ana a chaka chino afika m'mawa uno, ndipo wawalandira ndine.