Mlendo Amene Sankadziwa Kukana

Ndikukumbukira chaka chimene matemba anachuluka pa Chilwa mpaka zovala zathu za kutchalitchi zinkanunkha nsomba. Ndinali kamtsikana ka zaka khumi. Mnzawo wa bambo anga amene ankapalasa naye bwato anali atasamuka, ndiye bambo ankafuna munthu wina msangamsanga.

Kunabwera bambo wina woonda, a Dinesi, wochokera kumapiri kumtunda kwa Songani, zovala zake zonse zili m'kajumbo kamodzi. Bambo anga polemba munthu ntchito ankafulumira ngati akuthamangitsidwa.

"Mumapalasa, achimwene?"

"Eya bwana."

"Nanga kusambira?"

"Eya bwana."

Basi, ntchito inapezeka. Ndikhulupirira kuti akanafunsidwa ngati amauluka, akanavomeranso. Anali ndi njala, komanso analeredwa kuti kuyankha "ayi" pamaso pa mwini khomo ndi mwano.

Masana amayi anandituma kukawapatsira a Dinesi chinangwa chophika pansi pa mtengo wa mango. Poti ndinali wolongolola, ndinawafunsa kuti, "Kodi kwanu kumapiriko mumakhala bwanji?" Munthu wachete uja anamasuka. Anafotokoza za nthochi zawo, za munda umene unakokoloka ndi mvula, za akazi awo oyembekezera. Chinangwa chinachita kuzizira m'mbale. Kenako anayang'ana kunyanja n'kuseka pang'ono. "Mwanawe, ine madzi amene ndimawadziwa ndi a mumtsinje, olekeza m'mawondo. Bwatoli ndalikhudza lero."

Ndinaseka nawo. Sindinauze munthu aliyense, chifukwa mwana wamkazi sankalowerera nkhani za kunyanja.

Tsiku lachitatu mphepo inawapeza ali pakati pa madzi. A Dinesi anaimirira ndi mantha, bwato linapendekeka, anagwera m'madzi amatope aja. Bambo anadumphira, anafufuza mpaka kulefuka. Thupi linapezeka m'mawa mwake m'bango. Akazi a malemuwo atafika, mimba ili patsogolo, bambo anga ankangobwereza kuti, "Komatu ndinawafunsa ine, mayi. Ndinawafunsa." Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, ndikulira ngati wamwalira ndi m'bale wanga. Bambo sanalowenso m'nyanja, ndipo bwato linawolera pagombe.

Lero nyanja ija imaphwa kawirikawiri, asodzi ambiri anatembenukira kuminda, ndipo ine ndimalima mpunga ku Likangala. Ofuna ganyu akuchuluka chaka ndi chaka, onse okonzeka kuvomera chilichonse. Ndimawakhazika pamkeka n'kunena kuti, "Tandifotokozerani, chaka chathachi munagwira ntchito yanji?" Ndiye ndimatseka pakamwa n'kudikira. Anzanga amandiseka kuti ndimalemba aganyu ngati ndikufunsira mbeta, dzuwa likupita. Aseke.

Bambo anamwalira akudziimba mlandu okha. Ndinawadwazika miyezi inayi, ndinkawasambitsa ndi kuwamwetsa phala, koma ndinalephera kuwauza kuti ine ndinkadziwa.