Tsiku la 47,313

Fungo la choko chonyowa limandibwezera ku Bangwe, m'dzinja limene ndinachoka kwathu ku Phalombe kudzakhala ndi azakhali anga. Nyumba yawo inali kuseri kwa msika. M'mawa ndinkadzutsidwa ndi oitanira minibasi za ku Limbe, utsi wa mbaula utasakanikirana ndi fungo la matope a m'ngalande. Nsapato ndinkanyamula m'manja kuti zisade, n'kukazivalira pageti la sukulu.

Ahedi anandilandira mokayika. Anauza azakhali kuti ana a sukulu za kumudzi amakhala otsalira, choncho andiyesa teremu imodzi mu Sitandade 7, ndikalephera ndibwerera mu 6. Ndinkakhala kumbuyo, pomwe denga linkadontha, ndipo sindinkakweza mkono ngakhale yankho ndikulidziwa. Ndinkaopa kulakwa pamaso pa ana a m'tauni.

Tsiku lina, mvula ikuwomba malata, aphunzitsi athu a masamu, Mayi Nyirenda, analemba 47,313 pabolodi. Anafunsa ngati nambalayi ili m'gulu la zija zimene zimagawika ndi 1 ndi izo zomwe basi. Ena anayankha msanga kuti inde, poti 2 salowamo. Ena anatsegula makope n'kuyamba kugawa.

Kwathu makope ankasowa, ndiye aphunzitsi anga akale anatizoloweza kuyamba tayesa nambala m'mutu. Ndinabisa manja pansi pa desiki n'kuphatikiza: 4, 7, 3, 1, 3. Zinakwana 18. Ndinkadziwa kuti zikakwana nambala yogawika ndi 9, nayonso nambala yonseyo imagawika ndi 9.

"Esinati, ukung'ung'udza chiyani kumeneko? Imirira."

"Akupemphera a ku Phalombe!" anatero Gifiti, mnyamata wa kutsogolo, kalasi yonse n'kuseka.

"Imagawika ndi 9, Madamu. Ndi 3 yemwe."

"Wagawira pati? Kope lako ndi lotseka."

"Pepani, Madamu, sindinagawe. Ndangophatikiza."

Mayi Nyirenda anapatsa Gifiti choko kuti agawe ndi 9 pabolodi. Gifiti anatenga nthawi, akufufuta ndi chigongono, mpaka anapeza 5,257 popanda chotsala. Kenako Mayi Nyirenda anandipatsa ine choko chija kuti ndionetse anzanga njira yanga. Mawu ankachepa ndi phokoso la mvula, koma ndinafika kumapeto. Teremu itatha ahedi sanatchulenso za Sitandade 6, ndipo azakhali anaonetsa lipoti langa kwa amayi onse amene ankagulitsa nawo pamzere wa kaunjika.

Tsiku lija ndinapepesa ndi mtima wonse. Ndinkaganiza kuti ndagwidwa ndikudutsa njira yachidule ya ana osowa mapepala, ndipo kuti masamu enieni ndi aja odzaza tsamba. Lero ndimadziwa kuti aphunzitsi anga akale aja, amene analibe makope otipatsa, anatiphunzitsa kuiyang'ana nambala n'kuizindikira mtundu wake. Chimene ndinkapepesera chija ndicho chinali chuma chimene ndinabwera nacho m'tauni.