Kagalimoto Kopepuka ka Dinko

Dinko Linardić anayendetsa basi mumzinda wathu wa Rijeka kuyambira ali ndi tsitsi lakuda bii mpaka dazi linafika kunkhongo. Amene anakwerapo basi yopita ku Trsat zaka zimenezo akumukumbukira: mwamuna wamtali, wa mapewa akugwa, amene ankaimitsa basi ngati akuika dzira patebulo. Agogo ochokera kumsika ndi majumbo a nsomba ndi kabichi ankalola basi ina kudutsa kuti adikire yake. Ankati m'basi ya Dinko munthu ungathe kusenda lalanje uli chiimire. Iye akamva zimenezi ankamwetulira, koma mumtima zinkamunyansa. Palibe mwamuna amene amakula akulota kudzatamandidwa ndi agogo chifukwa choyenda pang'onopang'ono.

Loto lake linali lina, pajatu mtima suvala nsanza. Ankafuna kagalimoto ka mipando iwiri, kotsika moti ukakhalamo matako amachita kununkhiza phula, kopanda wailesi, kopanda kapeti, kopanda chilichonse cholemetsa. Akamakhotetsa chibasi chake m'makona a phiri, ankadziuza kuti akanakhala m'kagalimotoko akanalowera apa n'kutulukira apo. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti mkati mwa dalaivala wa agogoyo muli munthu wina waliwiro, amene akungodikira penshoni.

Penshoni inabwera, koma munthu waliwiroyo sanaoneke. M'nyumba munangodzaza mwamuna wa yakaliyakali. Ankamasula mipope yosatha n'kuimanganso. Ankatsika mpaka kudoko, kuima pang'ono, n'kubwerera asanaone ngakhale sitima imodzi. Khofi ankamwera chiimire. Mkazi wake Nevenka, amene anazolowera kukhala ndi nyumba yake masana onse, anayamba kumuthamangitsa kukhitchini ndi nsalu yopukutira mbale.

Kenako kagalimoto kanapezeka. Dokotala wina wa mano ku Opatija ankagulitsa kake, kobiriwira, chifukwa msana unali utamukana. Dinko anapita kukakaona, anapitanso, n'kupitanso. Ankakazungulira, kugwada, kusuzumira pansi, kugogoda matayala. Mwiniwake anamupatsa kiyi kuti akayese pamsewu, iye anakana, ati nsapato zake zili ndi matope. Kunali kusanagwe mvula mwezi wonsewo.

Nevenka ndi amene anadula nkhani.

"Tamvera, nkhalamba iwe," anatero akusenda mbatata. "Ine sindikukaniza. Ndipo ndikufuna kudzakweramo, anthu andione tsitsi likuuluka. Koma sungagule chinthu chimene ukuopa kuchigwira. Ku Grobnik kuja amabwereketsa timagalimoto totere kwa tsiku lonse, ndi wophunzitsa yemwe. Pita ukayese kaye."

"Ndani akuopa?"

"Mwini nsapato za matope."

Apa m'pamene vuto linakulira, chifukwa kubwalo la mipikisano la ku Grobnik masiku oyesera galimoto analipo amitundumitundu, ndipo Dinko anapeza chochita chatsopano: kusankha. Panali tsiku loti munthu amangokhala pambali, katswiri n'kumuzungulitsa bwalo mpaka chakudya cham'mawa chitafika pakhosi. Limeneli analikonda poyamba, ndipo chifukwa chake tikuchidziwa: palibe amene akanaona kayendetsedwe kake. Mnzake Nereo, amene anapuma naye limodzi kudepoti, ankamukokera kwina.

"Aise, ngati n'kufa, ifera pa chinthu chooneka," ankatero Nereo ku kafe, akuthira shuga wachitatu m'kapu. "Tenga galimoto zofiira zija za ku Italy. Uzungulira pang'ono, akujambula, chithunzi ukapachika pabalaza, basi. Kachitini kako kaja ukafuna chiyani? Ukalowamo adzachita kukutulutsa ndi chotsegulira botolo."

"Zofiirazo n'zolemera. Ine zolemera ndatopa nazo."

"Ndiye lembetsa la kachitiniko."

"Ndikuganiza kaye."

"Ganiza, mpaka mawondo akuganizire."

Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Dinko analembetsa tsiku la kagalimoto kopepuka, n'kulifafaniza ati kukubwera mphepo yamkuntho ya bura. Analembetsa lina, dzino linamuwawa. Mtsikana woyankha foni kubwaloko anafika pomudziwa mawu asanatchule dzina. Ife tinkaseka, koma kunena zoona sizinali zoseketsa. Munthuyo ankaopa. Sankaopa ngozi ayi. Ankaopa kukapeza kuti basi inamudya yense, kuti munthu waliwiro amene anamusunga zaka zonsezi kulibe ndipo sanakhaleko n'komwe. Galimoto yosagula imathamanga bwino m'mutu. Akakayesa n'kulephera, akanatsala ndi chiyani choti azichilakalaka?

Dokotala wa mano ndi amene anamukankha. Anaimba foni kunena kuti munthu wina wa ku Slovenia akubwera Lamlungu kudzagula kagalimoto kaja ndi ngolo yake yonyamulira, ndiye ngati a Linardić ali ndi mawu awanene lisanafike tsikulo. Dinko anayenda kuchoka pakhonde kupita kukhitchini, kuchoka kukhitchini kupita pakhonde, kenako anaimba ku Grobnik n'kutenga Loweruka. Nevenka anabisa foni kuti asaimbenso.

Loweruka kunacha bwino, zomwe zinamukhumudwitsa. Nevenka anapita naye, atanyamula buledi ndi tchizi, nakakhala pabenchi kuseri kwa mpanda. Wophunzitsa anali mayi wamfupi wa mawu okhuthala, dzina lake Tihana. Anamuyang'ana Dinko kuyambira kudazi mpaka kunsapato, n'kumutchula barba, monga timatchulira abambo achikulire kwathu kuno.

"Barba Dinko, mwendo wakumanja uyambe, matako atsatire, mutu pomaliza. Mukasemphanitsa tikuitanirani ozimitsa moto."

Analowa. Anali asanakhalepo pansi chonchi chibadwire. Pa basi ankaona madenga a galimoto zina. Pano ankaona udzu. Chiwongolero chinali kachinthu kochepa ngati mbale ya supu, ndipo manja ake ankangofunafuna poti agwire.

Ananyamuka mwaulemu. Atayandikira kona yoyamba anayatsa indiketa.

"Mukuuza ndani?" anafunsa Tihana.

"Chizolowezi, mayi."

"Kuno kulibe kwina kokhotera. Zimitsani."

Kona yachiwiri anayatsanso. Komatu indiketa inali nkhani yaing'ono. Dalaivala wa basi amakhala kutsogolo kwa matayala, choncho amayamba wapitirira kona ndi thupi lake kenako n'kukhota, kuti mchira wa basi usakwere pamene pamayenda anthu. Dinko anachita zomwezo m'kagalimoto kotalika ngati bedi. Ankapitirira, n'kukhota mochedwa, motambalala, makoni apulasitiki n'kumauluka. Mabuleki ankayamba kuponda kona ikadali kutali, pang'onopang'ono, maso akuthamangira pagalasi lam'kati kuti aone ngati wina wagwa kumbuyo. Kumbuyoko kunali injini basi. Anzake ena a tsikulo, ana oti angakhale adzukulu ake, ankamudutsa ngati waima, iye n'kumawakwezera dzanja monga amachitira madalaivala a basi akakumana.

"Pondani moto, barba."

"Ndaponda."

"Mwasisita. Ndati pondani."

Thukuta linadzaza m'helemeti. Ankamva chilichonse chimene Tihana ankanena, ankachimvetsa, mutu unkavomera, koma phazi linali ndi bwana wake wina. Mayiyo akangopendekeka pang'ono pampando, phazi linkadzuka lokha. Pofika nthawi ya chakudya Dinko anali atatheratu. Anakhala pabenchi pambali pa Nevenka, buledi ali m'manja osamuluma. Chimene ankachiopa chija chinali chitamupeza, ndipo chinamupeza pamaso pa mkazi wake.

"Tiye tizipita," anatero. "Wa ku Slovenia uja atenge."

"Tsiku silinathe," anayankha Nevenka. "Idya."

Masana Tihana anazungulira naye kamodzi, akungoyang'ana phazi lake ndi maso ake. Atafika poimikira anamasula lamba.

"Munkagwira ntchito yanji kodi?"

"Ndinkayendetsa basi."

"Ndimaona. Inu simukuyendetsa galimoto, mukunyamula ine. Nditsike. Njira mwaidziwa, ndizikuonerani pampanda. Mukagwetsa makoni ndi anga, si anu."

Anatseka chitseko n'kumenya kadenga kawiri.

Dinko anayang'ana mpando wopanda munthu. Moyo wake wonse anali asanayendetsepo popanda wina womudalira: ngati si okwera, ndi ana, ngati si ana, ndi Nevenka ndi majumbo ake. Ngakhale basi yopanda anthu yobwerera kudepoti inali ya eni ake. Analowa m'bwalo. Kona yoyamba dzanja linapita ku indiketa, n'kubwerera lokha. Anakhota msanga, kagalimoto kanamvera ngati kanali kataganiza kale zomwezo. Anaponda. Kanalira kumbuyo kwa makutu ake, mpanda unasanduka mzere umodzi, ndipo pa kona yotsatira anadikira, anadikirabe, n'kuponda mabuleki mwankhanza mmene sanapondereponso. Palibe anagwa. Palibe anatukwana. Palibe lalanje linagubuduka.

Sindinama kuti anasanduka katswiri. Ana aja ankamudutsabe, koma tsopano ankachita kuvutikira. Chimene chinachitika n'choti munthu waliwiro uja anapezeka. Analipo ndithu, wokalamba, wochedwa kubwera, koma analipo. Dinko ankafuula yekha m'helemeti mawu opanda tanthauzo, misozi ikulowa m'kamwa. Anali wosangalala moti anachita mantha nacho chisangalalocho.

Ataima anapeza Nevenka ali pampanda, atagwira waya ndi manja onse awiri, nkhope ili ngwee ngati ya mtsikana.

"Ndiwe unali mmenemo?" anafunsa. "Iwe Dinko wangayu?"

Dzuwa litapendeka, a pabwalo amalola aliyense kunyamula wachibale wake kuti azungulire naye pang'ono. Nevenka sanadikire kufunsidwa. Anavala helemeti yomukulira, Tihana anamumanga lamba, iye akuseka ngati wakwera katungwe.

"Ngati muja," anatero. "Usandinyengerere. Ndikufuna muja."

"Gwiritsa," anatero Dinko, ndipo ankanenadi zoona.

Analowa m'bwalo. Anaponda, kagalimoto kanadumpha, mutu wa Nevenka unagunda pampando pang'ono. Phazi linadzuka. Analibweza pansi ndi ukali, linadzukanso. Kona ikubwera, anaona m'mphepete mwa diso kathupi kakang'ono ka Nevenka kakupendekeka, timanja tikufuna pogwira, ndipo anayamba mabuleki kutali, mofewa, mwaulemu. Anakhota motambalala.

"Dinko, ponda."

"Ndikuponda."

"Sindine dzira ine."

"Ndikudziwa."

Anayesa, Mulungu ndi mboni. Anakukuta mano, anadzitukwana, anayesa kuyang'ana kutsogolo kokha ngati pampandopo palibe munthu. Koma munthu analipo, ndipo anali munthu amene sakanalola kuti agunde ngakhale chigongono. Anazungulira bwalo lonse bwinobwino, mosagwedeza, moti Nevenka anasiya kugwira n'kuika manja pamiyendo. Kuseka kuja kunatha. Ulendo wachiwiri unali chimodzimodzi.

Anaima poimikira, injini inazima. Dinko anali ndi manyazi, komanso chisoni chimene sankadziwa pochiika. Nevenka anavula helemeti, nakonza tsitsi lake ndi zala.

"Ugule," anatero.

"Ndizolowera, Nevenka. Tikamayenda kawirikawiri..."

"Suzolowera. Ndakhala nawe zaka zingati? Ugule, ndakuona mmene unalili uli wekha. Nkhope imene ija sindinaionepo, ngakhale tsiku la ukwati."

"Ndimafuna tizikwera awiri."

"Nanenso ndimafuna." Anavutika ndi lamba mpaka anamasuka. "Koma ine ndimakulemera. Mpando uwu uziikapo jekete."

Anatuluka yekha, mutu poyamba, mosemphanitsa, osapempha dzanja la munthu. Anapita kubenchi kukalongedza buledi wotsala.

Dinko anaimbira dokotala wa mano madzulo omwewo. Kagalimoto kobiriwira kali m'galaja yake tsopano, ndipo Lamlungu m'mawa timakamva kakukwera msewu wa kuphiri, kakulira ngati kalumidwa. Amene amaganiza kuti munthuyo anakhazikika samudziwa. Asananyamuke amazungulira m'nyumba ndi kiyi m'manja, kulowa kukhitchini, kutuluka, kulowanso, mpaka amafunsa ngati lero apite limodzi. Nevenka amayankha osatembenuka kuti ali ndi zochapa.