Anandimanga Dzanja Labwino

Ndikangodutsa pamene akung'amba nsungwi zaziwisi, mphuno imandibweza kwa agogo a Namakhwa, bambo awo a mayi anga, ali pakhonde kwathu kufupi ndi Chonde, miyendo atatambasula, kampeni kakulira m'nsungwi, malaya akununkha fodya wa chingambwe, kachigoba ka mafuta a nsatsi kakutenthera padzuwa pambali pawo. Ntchito yawo inali yoluka madengu aja obereka kumsana pothyola tiyi ku esiteti. Azungu anali asanachoke, ndipo ine mano akutsogolo anali atangoguluka.

Ndikuuzeni kaye za ine. Akuti ndinavuta pobadwa ndipo ndinachedwa kulira, n'chifukwa chake mpaka lero sinditseka pakamwa. Mkono wamanja unapindikira pachifuwa, zala zitafumbata ngati ndabamo kanthu, mwendo nawo ndinkachita kukoka. Adzukulu anga ophunzira akuti ndi vuto la muubongo. Kwathu ankangoti "kopuwala kaja". Mphini ananditema, ayi ndithu, osasintha. Chimene chinkawapweteka mayi n'chakuti ndinkalandira zinthu ndi dzanja limodzi, lamanzerenso. Alendo akabwera ankandibisa kuseri kwa nkhokwe, ndipo za sukulu anati ndiiwale, angakandiseke. Ine sindinkadandaulatu. Anzanga ali kunkhuni, ine ndili pamthunzi, kusambitsidwa ngati mwana wa bwana.

Tsiku lina agogo anandiitana. "Tabwerani kuno akapitawo, ndakulukirani mphatso."

Kanali kadengu katalikatali, kopapatiza ngati mono wa nsomba. Chitsiru ine, ndinalowetsamo ndekha mkono wamanzere. Iwo anakamangirira ndi luzi paphewa, mfundo n'kuiika kumsana kumene mano safika.

Mayi pochokera kumtsinje, mtsuko unagwa, phwaa!

"Bambo! Mwapenga kodi? Mwana ali ndi dzanja limodzi, inu n'kumanga lomwelo?"

"Ali nawo awiri. Linalo ndi lova chabe, linapeza wantchito."

"Mumasuleni!"

"Dzuwa likapendeka ndimumasula. Ine ndinabadwa wamanzere, kwathu kwa Apwitikizi anandimanga chomwechi. Lero ndimaluka ndi liti?"

"Lanulo linali lamoyo!"

"Lakufa silithawa," anatero agogo, n'kunditsina dzanja lopindikalo. Linathawadi.

Basi inakhala ntchito ya m'mawa uliwonse. Ankayamba ndi mafuta a nsatsi, kundisisita kuchokera paphewa, kutambasula chala chimodzichimodzi uku akung'ung'udza nyimbo za Chilomwe, kenako kadengu kaja, kenako lichero patsogolo panga. Pamenepo ankaikapo chinangwa chootcha, tsiku lina nthochi, akafuna kundizunza kwenikweni ankaikapo kalongonda, nyemba zathu zoterera zija. "Chako ndi chimene watola," ankatero. Ndikaweramira kuti nditole ndi pakamwa, ankandigwira pachipumi. Dzanja linkanjenjemera, kupita kumene sindinalitume, kugubuduzira zonse pansi, moti nkhuku za kwathu zinanenepa chaka chimenecho.

Mudzi wonse unagwira pakamwa. Amayi opita kumunda ankaima panjira kuonerera mwana wopuwala akulira mamina tolotolo, dzanja lake labwino lili m'dengu. Ena anayamba kunong'ona kuti nkhalambayo ikukhwimira mdzukulu wake. Mayi anatopa nazo, anaitanitsa achimwene awo, amalume anga, eni ake mbumba. Anafika Lamulungu potuluka m'tchalitchi, atavala jekete ndi chipewa, akulu a mpingo ali pambuyo, ndipo anandipeza ndili m'kadengu.

"Bambo, pepani ndithu," anatero amalume, "koma mwanayu ndi wa mbumba yanga. Kadenguko kapse lero lomwe."

Agogo anatenga kampeni kawo. Anasenda nanazi wakupsa bwino, kuika chidutswa palichero. "Tolani, akapitawo."

Ndinayesa, anthu onse akundiyang'ana. Chinagwa. Agogo anachitola, kuchipukuta pamalaya, n'kudya okha, madzi akutsika m'ndevu, maso ali pa ine. Chachiwiri chimodzimodzi.

"Kutsekemera kwake!" anatero. "Koma izi si za anthu a dzanja limodzi. Pita ukabisale kuseri kwa nkhokwe, alendo abwera."

Chimene chinachitika apo, mpaka lero sindidziwa amene anachituma. Mkono uja, womwe unali usanakwerepo kupitirira chibwano changa, unadzuka. Phaa! Patsaya pa agogo.

Mayi anakhala pansi pafumbi, manja kumutu. Mwana kumenya gogo wake, Lamulungu, pamaso pa akulu a mpingo! Amalume anavula chipewa osadziwa chimene akuvulira. Mkulu wina anayamba kupemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedera. Ine ndisabise, kabudula ananyowa.

Agogo anagwira tsaya lawo nthawi yaitali. Kenako anayang'ana amalume.

"Wamva kulira kwake? Chibakera sichilira chomwecho. Limeneli ndi khofi. Zala zinatambasuka!" Anatembenuza tsaya linalo, misozi ikutsikira m'ndevu momwe munali madzi a nanazi. "Bwerezani, akapitawo."

Sindinabwereze. Ndinangoliyang'ana dzanjalo ngati la mwini wake, litatseguka pabondo panga, chikhatho chikuyabwa. Amalume anavala chipewa chawo, kutsokomola, n'kunena kuti, "Kadenguko musamamange kwambiri."

Ndisakunamizeni, silinawongoke ngati lanu. Kadengu ndinakavalabe miyezi yambiri, ndipo ndinalira misozi yokwana kuthirira dimba. Koma kusukulu ndinapita, sileti ndikugwira ndi lamanjali, kulemba ndi lamanzere. Sindinafike patali, ndipo musalinamizire dzanja, lova weniweni anali mutu. Mdzukulu wanga wina akuti masiku ano kuchipatala amachitanso zofananako, amati mafizo, dzanja labwino amalikulunga m'kansalu kofewa ndipo mwana amamunyengerera ndi zidole. Zili bwino zimenezo. Wanga dokotala ankandidyera nanazi.

Tsiku la mgonero kutchalitchi ndimapita kutsogolo ndikukoka mwendo wanga, ndipo chikho ndimalandira ndi manja awiri, monga mayi ankafunira. Lamanjali limanjenjemera, abusa achinyamata amachita kupuma mobanika kuopa kuti nditaya. Sindinatayepo. Ndimangowayang'ana n'kunena mumtima kuti, musadere nkhawa abusa, dzanja ili ntchito linayambira patsaya la munthu wamkulu.