Che Mikaili ndi Mpeni wa Kampasi

Ku Bwalo la Njobvu kuno, ukaphika nyama yoti anthu adye, alendo asanasambe m'manja amayamba afunsa kuti wazinga ndani. Ukatchula Che Mikaili, Msilamu ndi Mkhristu yemwe amakokera mbale pafupi. Ukatchula dzina lina, ena amakumbukira mwadzidzidzi kuti angodya kumene kwawo.

Che Mikaili anabwera ku Lilongwe ali mnyamata kuchokera ku Mangochi, tauni yonse ikadali timisewu tiwiri tafumbi. Anayesa utelala, maso anakana. Anayesa kukonza njinga, eni njinga anakana. Chimene chinawayanja ndi mpeni. Kwa zaka zoposa makumi atatu akhala akuyenda khomo ndi khomo kuzinga nkhuku ndi mbuzi pa maukwati, pa maliro ndi pa sadaka. Malipiro awo sasintha, ndi khosi la chiweto chimene azinga. Ndi bambo wamfupi, wa mawu ochepa, ndipo mkanjo wawo woyera sindinauonepo ndi dontho la magazi.

Ine ndine Evelina wa kwa Chadza. Tinabwera m'tauni mu 1984 amuna anga a Nebert atapeza ntchito ya m'gadeni kwa mzungu wina ku Area 12, ndipo tinkachita lendi kuseri kwa nyumba ya mayi Tausi, mayi wachisilamu. Nditabereka Bernadetta, amene timamutchula kuti Bena, ndinadwala kwambiri. Mayi Tausi ndiwo ankandisambitsa, kundiphikira phala ndi kuchapa matewera kwa milungu itatu, ine wosakhala mbale wawo ngakhale wa chipembedzo chawo. Koma chibwerere changa pamalopo anali asanalawepo ndiwo za m'nyumba mwanga. Sankanyoza, ankangosamala za kwawo. Ndiye pa ubatizo wa mwanayu ndinkafuna chinthu chimodzi basi: mayi Tausi akhale pa mphasa yanga, adye nyama yophika ine. Amalume anatumiza mbuzi kuchokera kumudzi. Che Mikaili anavomera kudzazinga Lamulungu.

Lolemba la sabata yomweyo mpeni wawo unathyoka. Unali womwe uja anayamba nawo ntchito, ndipo ankaunola tsiku ndi tsiku mpaka unatsala ngati sipoko ya njinga. Unathyokera pamwala wonolera. Ndinawapeza atakhala pakhonde pawo ngati anamfedwa.

"Mipeni yadzaza kwa amwenye, Che Mikaili," ndinatero.

"Ya anyezi," iwo anayankha.

Mwamwayi mzungu wa a Nebert ankabwerera kwawo, ndipo katundu yense anali pa selo. A Nebert anati m'nyumbamo muli mipeni yoti ngakhale njobvu ingagone. Lachitatu tinapita atatu, ine ndili ndi mwana kumbuyo, chifukwa mbuzi inali yanga ndipo ndinkafuna kuona ndi maso anga kuti mpeni wapezeka.

Ku Area 12 kulibe phokoso. Umangomva madzi akuthirira kapinga ndi agalu akuuwa kuseri kwa mipanda. Mzunguyo anali ku ofesi, ndiye wogulitsa anali khukhi wake, a Redson, munthu wonenepa wokonda zocheza. Anayala mipeni itatu pa tebulo la pakhonde.

Woyamba unali wautali, wopyapyala, wa kukhitchini. Che Mikaili anayendetsa chikhadabo m'mphepete mwake kuyambira kuchigwiriro mpaka kunsonga, osapeza pogumuka. Anameta nawo tsitsi la pamkono. Nkhope yawo inawala. Ine ndinaona kuti basi, tapeza.

"Wadyapo chiyani mpeniwu?" anafunsa.

"Zonse, achimwene," anatero a Redson. "Ng'ombe, nkhuku, nsomba."

"Ndi chinanso?"

A Redson anayang'ana kudenga. "Mmawa uliwonse bwana amakonda kanyama kaja kolira m'khola kwa Akhristu."

Che Mikaili anauika pansi, napempha madzi ndi sopo.

"Mukhoza kuutsuka," ndinatero.

"Mpeni ungayere, make Bena. Nanga pakamwa pa a Redson mutsuka ndi chiyani? Mawa tauni yonse idziwa."

"Zoona zimenezo," anavomera a Redson.

Wachiwiri unali wa alenje, chigwiriro cha nyanga, wokwana bwino m'manja. Umenewu a Nebert ndiwo anauwononga, chifukwa anakumbukira kuti bwana anasendera nawo njiri ku tchire la ku Kasungu. Panabuka mkangano ngati njiri ndi nkhumba kapena ayi. A Redson anati njiri sinalowepo m'khola, ndiye si nkhumba. Che Mikaili anati munthu akasamukira kutchire sasintha mtundu.

Wachitatu unali m'chimake chachikopa chokhala ndi lamba. Atausolola tonse tinabwerera m'mbuyo. Unali wakuda bii, wotalika ngati mkono wa mwana, wokhuthala ngati khasu, kumsana kwake kuli mano ngati a sowo. A Redson anati ndi wa asilikali a kunja, ndipo bwana anaugula pobwera ku Africa poganiza kuti azikakumana ndi mikango popita ku ofesi.

"Wadyapo chiyani?"

"Palibe. Zaka zinayi uli m'dirowa pamodzi ndi masokosi."

Che Mikaili anauyesa pamkono. Tsitsi silinagwe ngakhale limodzi. Ndinawauza kuti mpeniwu ndi wobuntha, ndi wolemera, ndipo mano akumsanawo mbuzi ikawaona idzafa ndi mantha isanazingidwe. Anali pafupi kuubwezera m'chimake pamene a Redson anawaonetsa kumapeto kwa chigwiriro. Panali kagalasi kozungulira, m'kati mwake muli kamuvi konjenjemera.

"Kampasi imeneyo. Kamuviko kamaloza kumpoto, kaya muli m'phanga kaya muli pa nyanja."

Che Mikaili anayang'anitsitsa kamuviko. Pozinga, iwo amagoneka chiweto moyang'anitsa ku Maka, mzinda woyera wa Asilamu, ndipo kuchokera kuno ku Maka ndi chakumpoto. Zaka zonsezi ankangoyang'ana kumene kuli mzikiti ndi kumene kuli dzuwa, n'kugoneka mbuzi. Palibe anadandaulapo.

"Ndiye kuti mpeniwu umadziwa wokha," anatero motsitsa mawu.

Anaugula. Pobwerera anaumanga m'chiuno pamwamba pa mkanjo, ndipo mu basi anthu anatisiyira mpando wonse.

Anaunola masiku anayi. Lamulungu mmawa anali akunolabe, moti tinapita ku tchalitchi mbuzi ikadali yamoyo, tinabwerako mwana ali Mkhristu mbuzi ikudyabe makoko a nthochi. Abale a kumudzi anali atadzaza pabwalo, azimayi atavala zitenje zatsopano, moto ukuyaka pachabe. Cha m'ma leveni Che Mikaili anatulukira.

A Nebert ndi amalume anagoneka mbuzi pamalo pamene nkhuku za mayi Tausi zimazingidwira nthawi zonse. Che Mikaili anabisa mpeni kumbuyo kuti mbuzi isauone, nasuzumira pa kagalasi. Ine ndinasendera pafupi ndi beseni langa lachitsulo lolandirira magazi.

"Tembenuzani. Mutu uloze uko."

Anaitembenuza. Ine ndinazungulira ndi beseni.

"Iyayi, kasuntha. Uko."

Uko kunali kuchimbudzi. Mayi Tausi anati, "Che Mikaili, mzikiti suja uli apo? Unasamuka liti?"

"Mzikiti anamanga ndi anthu, mayi. Ichi ndi chipangizo."

Mbuzi inazungulira kanayi. Mlamu wanga wina amene anafika Fomu 2 anati kampasi imakokedwa ndi zitsulo, ndipo pabwalopo panali malata, njinga, mgolo wa madzi ndi makina osokera a mayi Tausi. Che Mikaili anati ngati zili choncho tituluke. Ndinawachonderera kuti azinge monga amachitira kale. Anandiyang'ana ndi maso achisoni.

"Kale sindinkadziwa, make Bena. Lero ndikudziwa. Mukufuna mayi Tausi adye nyama yokayikitsa?"

Ndinanyamula beseni langa.

Tinatuluka kumsewu. Tinaigoneka pafupi ndi ngalande, ine ndi beseni pambali, kamuvi n'kuloza kusitolo ya nsalu. Anati ndi magalimoto. Tinatsetserekera chakumtsinje. Patsogolo Che Mikaili atanyamula mpeni m'manja awiri ngati mbale ya chopereka, pambuyo pawo mbuzi, pambuyo pa mbuzi ine, kenako abale onse ndi mayi Tausi atafunda ambulera. Anthu a mumsewu anayamba kutitsatira osafunsa kuti tikupita kuti. Pofika pa bwalo la mchenga la kufupi ndi mtsinje tinali anthu oposa zana.

Pamenepo ndi pamene anatiimitsa anyamata atatu a malaya ofiira, aja ofunsa makhadi a chipani pa geti la msika. Wamkulu wawo anali wamtali, wa mawu a mkuwa.

"Msonkhano uwu waitanitsa ndani? Chilolezo chili kuti?"

Anthu oposa zana aja anatsala makumi atatu.

"Inu mdala, mpeni wa nkhondo uwu. Muli gulu liti la asilikali?"

"Ndimazinga mbuzi," anatero Che Mikaili.

"Ndi chida ichi? Mbuzi yake ili ndi mfuti?"

Anawalanda mpeni, nayamba kufunsa amalume dzina la mudzi wawo ndi la mfumu yawo. Masiku amenewo munthu ukafunsidwa dzina la mfumu yako, unkadziwa kuti mlandu wakula. Ndinaona a Nebert akutsegula pakamwa, ndipo ndisanawatsine anali atayankhula kale.

"Ndi mphatso, bwana! Mbuziyi timabwera nayo kwa inu, ku nthambi ya chipani. Kuthokoza chitukuko."

Azakhali anga, osadziwa kuti achite chiyani, anayimba nthungululu. Ena anawomba m'manja. Mnyamata wamtali uja anasintha nkhope pompo, nayamba kulankhula za umodzi ndi kumvera, natiyamikira kuti anthu a kwa Chadza ndi odziwa mwambo. Chingwe cha mbuzi yanga chinachoka m'manja mwa amalume ine ndikuona.

Ndinapita kukakhala pa chulu chapatali, beseni pamiyendo, mwana akulira kumbuyo, inenso misozi ili m'maso.

Koma mmodzi wa anyamatawo, Sumaila, anali mwana wa ku mzikiti. Anati iye sangadye mbuzi yozinga wina pamene Che Mikaili ali pomwepo. Anakangana pang'ono, kenako mpeni unabwerera kwa mwini wake. Anandikodola kuti ndibwere ndi beseni. Ndinayang'ana kumbali. Mbuzi atenge, beseni atengenso?

Che Mikaili anasuzumira pa kagalasi. Kamuvi kanaima nji, kuloza chakumzikiti, komwe kuja ankalozetsa mbuzi zaka makumi atatu. Anamwetulira. Ine pa chulu paja ndinayang'ana beseni langa lachitsulo, ndinakumbukira mawu a mlamu wanga aja oti kampasi imakokedwa ndi zitsulo. Malata analibe mlandu, magalimoto analibe mlandu. Paliponse pamene ankagoneka mbuzi, ine ndinkafika ndi beseni n'kuliika pafupi ndi dzanja lawo. Sindinauze munthu.

Anatchula dzina la Mulungu, ndipo mpeni unadutsa kamodzi kokha. Masiku anayi akunola sanapite pachabe. Atasenda, anayamba kudula malipiro awo. Anayambira kuseri kwa makutu, natsika, natsikabe. Atafika paphewa anatembenuza mpeni, mano a sowo aja nayamba kulira pa fupa.

"Mdala, mukutani?" anafunsa wamtali uja.

"Khosi. Ndi langa. Funsani aliyense m'tauni muno."

"Ndi zoona, khosi ndi lawo," anatero Sumaila.

"Koma khosi la mbuzi limathera pati?"

"Mwazinga zingati inu?" anafunsa Che Mikaili osadzutsa mutu.

Mnyamatayo anayang'ana mpeni, nayang'ana anthu, nabwerera m'mbuyo. Khosi la tsiku limenelo linali ndi mwendo umodzi wakutsogolo ndi nthiti zinayi. Che Mikaili analinyamula okha mpaka pa chulu, naliika m'beseni mwanga.

"Kaphikeni, make Bena. Dzuwa lapita."

Ndinaphika mu poto watsopano amene anali asanaonepo moto, ndi tomato wambiri kuti msuzi uchuluke. Tinadya cha m'ma folo. Anthu makumi atatu pa khosi limodzi, aliyense analandira kanthuli ngati chala chachikulu, ndipo amalume sanalankhule ndi a Nebert mpaka anakwera basi. Mayi Tausi ndinawapatsa nthiti. Anakhala pa mphasa yanga, anadya mpaka fupa linayera, napempha msuzi wina.

Che Mikaili akadali ndi mpeni uja. Anachotsa lamba, amaunyamula m'thumba la nsalu pamodzi ndi mwala wonolera, ndipo sazinga ngakhale nkhunda asanafunse kagalasi. Ena amaseka, koma oitana achuluka, mpaka a ku Area 4 amatuma galimoto.

Lachisanu lotsatira ubatizo uja mayi Tausi anagogoda pakhomo panga, nkhuku ili kukhwapa. Anati kukubwera alendo a ku Salima ndipo mapoto awo achepa.

"Ndibwerekeni wanu uja, make Bena."

Ndinathamanga kukautenga ndi chimwemwe. Ataulandira anasuzumira m'nyumba, natsitsa mawu.

"Che Mikaili akubwera pompano. Beseni lanu lija likhale pansi pa bedi mpaka amalize. Nkhuku ndili nayo imodzi yokha."