Timabokosi Tisanu Timene a Mlembi Anachonga

A Mlembi anasunga mafayilo pachipatala kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Kumeneko fomu yokhala ndi bokosi losadzaza inkabwezedwa, ndipo woibweza anali iwowo. Atapuma pantchito anatsegula kachipinda kuseri kwa sitolo ya mankhwala, momwe munali tebulo, mipando iwiri, kompyuta ndi pulinta. Anthu ankabwera kudzatayipitsa makalata ofunsira ntchito, odandaula, ndi ena osanenedwa mokweza. Zimene munthu walankhula pampando wachiwiriwo sizinkatuluka pakhomo. Ngakhale akazi awo anatopa n'kufunsa.

Tsiku lina pulogalamu yolembera inayamba kuvuta, ndipo anaganiza zoika yatsopano okha. Isanalowe, inafuna dzina, tsiku lobadwa, nambala ya foni ndi kumene amakhala. Anadzaza zonse m'zilembo zikuluzikulu. M'munsi munali timabokosi tisanu, ndipo anatichonga tonse monga dzanja linazolowera.

M'mawa mwake kompyuta inaonetsa uthenga wakuti makalata makumi anayi akudikira kutumizidwa kumalo osungirako zinthu a kampani yopanga pulogalamuyo. Anauwerenga katatu.

Pakati pa makalatawo panali ya mayi wina wosoka zovala, amene anathawa mwamuna womenya. Inali yopita kwa mkulu wake, ndipo inatchula msewu, nyumba, ngakhale mtundu wa chitseko. A Mlembi sankadziwa kuti kumalo osungirako zinthuko amawerenga ndani. Chimene ankadziwa n'chakuti mwamunayo anali akufunsafunsabe.

Anazula nthambo zonse, anakulunga kompyuta m'nsalu ya patebulo, n'kuifungatira mpaka kwa mlamu wawo wokonza mafoni ndi makompyuta.

"Alamu, mwana wadwala kodi? Nanga buku la kuchipatala mwasiya kuti?" anatero mlamuyo akuseka.

A Mlembi sanaseke. Anafotokoza zonse mwa ndondomeko, koma dzina la mayiyo sanalitchule. Mlamu uja analumikiza nthambo, nayang'ana kwa kanthawi, kenako anafunsa ngati dzulo foni yawo inalandira uthenga wa manambala okhaokha. A Mlembi anavomera, ndipo anaonjezera kuti anaufufuta pompo chifukwa unalibe moni, unalibenso dzina la wolemba.

Mlamuyo anaseka mpaka kugwira tebulo. Anati manambalawo ndiwo anali chilolezo chomaliza. Popanda kuwalemba, palibe kalata imene ikanachoka m'kompyutamo.

"Ngakhale imodzi?"

"Ngakhale imodzi. Kuuma mutu kwanu kwakupulumutsani, alamu. Achemwali akamadandaula za inu ndizikuikirani kumbuyo."

A Mlembi anakhala pabokosi la mabatire. Mlamu uja anachotsa zochonga zija chimodzichimodzi, kuphatikizapo chimene chinaloleza kuti makalata azitumizidwa kukampani. Anawaonetsa kuti bokosi lokakamiza limakhala ndi kanyenyezi pambali, kuti enawo kampani imangopempha, ndipo munthu ali ndi ufulu wokana. Tsiku lobadwa ndi keyala analephera kuzibweza, poti zinali zitapita kale. A Mlembi anati zimenezo n'zawo, azipirira. Kalata ya mayi uja anaifufuta ndi chala chawo, natsimikiza kuti sinatsale paliponse.

Mlamuyo analangiza kuti nkhani ithere pomwepo, popeza palibe chimene chaonongeka. A Mlembi anakana: mwini chinsinsi ayenera kudziwa kumene chinsinsi chake chinatsala pang'ono kupita.

Mayi uja anamupeza akupalasa makina osokera pakhonde la sitolo ina. Anaima mowongoka, nalongosola kulakwa kwawo mosachepetsa. Mwendo wa mayiyo unaima.

"Ndiye akudziwa kumene ndili?"

"Sakudziwa, mayi. Palibe amene akudziwa."

Mayiyo anatsamira pamakina, natseka maso kwa nthawi yaitali. Atatsegula anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kuloza m'khwapa mwa jekete lawo momwe kompyuta inang'amba ulusi.

"Vulani limenelo, bambo. Khalani apo, sindichedwa."