Makina Okandira Ufa Ochokera ku Joni

Mwamuna wanga atapita ku Joni, ananditumizira makina amagetsi okandira ufa wa makeke. Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa ku Manyamula, ndipo ndinkakhala m'nyumba yopanda magetsi. Pa foni anati, "Mayi, muwasunge bwino. Ndikabwera tidzatsegula bekale pa Boma."

Azimayi oyandikana nawo ankabwera kudzasisita mbale yake yonyezimira, n'kumayamikira kukongola kwake kuti, "Njiweme chomene." Makinawo ndinawayatsapo kamodzi kokha, kunyumba kwa mnzanga, namwino wa pa Boma. Anakanda ufa mofulumira mpaka ndinaseka ndekha.

Papita zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinamva kuti bamboyo anakwatira konko, ndipo foni yanga sayankhanso. Masikono ogulitsa kusukulu ndimakandabe ndi manja, ndipo mphemvu zinamanga mudzi m'katoni ya makinawo.